Pule imene ndinasinthanitsa pa Mlonyeni

Ana inu, Tadala wandifunsa chifukwa chimene mkulu wa pachigayo pa Kachebere wanditchulira "a Pule" m'mawa uno, ndipo nonse mwaseka ngati mukuidziwa nkhani yake. Simukuidziwa. Makolo anu omwe amaidziwa theka. Khalani pamphasapo ndikuuzeni. Mpandowo uchotse, Mphatso, ine sindikhala. Ndikakhala mawondo amauma, komanso nkhani imeneyi sindinaikambepo nditakhala pansi.

Ku nyuzi anatiphunzitsa kuyamba ndi mafunso anayi: ndani, chiyani, kuti, liti. Ndani: ine, mmisiri wina dzina lake a Mwale, ndi injiniya wa ku Lilongwe, Mayi Nyirenda. Chiyani: gudumu lachitsulo lolemera makilo atatu. Kuti: muno mu Mchinji, kuchokera pa Mlonyeni mpaka m'malire. Liti: chaka chimene bambo ako, Mphatso, ankalemba mayeso a Sitandade 8. Chimene chinatsala pang'ono kufa ndi dzina la a Mwale pamodzi ndi ntchito yawo, ndipo amene anatsala pang'ono kulipha ndi amene waima pamaso panuyu.

Ndisanakhale wogulitsa mainjini ndinali mtolankhani wa boma lino. Ndinali ndi njinga, kabuku ka m'thumba, ndi makina olembera amene riboni yake ndinkainyika mu inki kuti ikhalitse. Nkhani ndikailemba ndinkaiika mu envulopu n'kupatsa kondakitala wa basi ya m'mawa. Ikakhala yachangu ndinkapita ku positi ofesi kukaiwerenga pa lamya, liwu ndi liwu, pamzere pali anthu akumvetsera. Nkhani inkafika m'midzi isanafike ku Blantyre. Inu lero mumangosisita galasi ndi chala, nkhani yapita, yoona ndi yabodza pa liwiro limodzi. Mkonzi wanga anali munthu wouma mtima. Ndikalemba kuti "anthu ambiri" ankabweza pepala atalemba m'mbali ndi cholembera chofiira kuti: angati? Kuyambira pamenepo ndimawerenga chilichonse. Pano mulipo asanu ndi mmodzi, ndipo awiri akuganiza za mango.

Nyuzi ija inatsekedwa. Zinkatsekedwa zambiri nthawi imeneyo, zinaphuka ngati bowa n'kufota ngati bowa. Ndinalima fodya chaka chimodzi, agogo anu aakazi, a Nabanda, n'kundiuza kuti chigafa changa chikuchititsa manyazi mudzi. Kenako ndinapeza ntchito ku kampani ina ya ku Lilongwe yomanga mainjini a dizilo a zigayo. Zitsulo zinkabwera m'mabokosi kuchokera kunja, iwo n'kumalumikiza. Ine anandilemba kuti ndizigulitsa kuno ndi kumalemba malipoti. Za injini sindinkadziwa kanthu. Anandikonda chifukwa lipoti langa linkakhala lalifupi ndipo manambala ake ankakwana.

Tsopano mvetsani chimene pule ili, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Injini imazungulitsa shafuti, ndodo yachitsulo yotulukira m'mbali mwake. Pa shafutipo pamamangidwa gudumu lokhala ndi ngalande m'mphepete mwake, ndiyo pule. Mu ngalandemo mumadutsa lamba, ndipo lambayo ndiye amakazungulitsa chigayo. Lamba ayenera kugwira m'mbali mwa ngalande, asafike pansi pake. Pule ikagwira ntchito zaka zambiri ngalande imadyeka, imakula. Pamenepo lamba amamira, amaterereka, amatentha, amanunkha ngati tayala lowotchedwa, kenako amaduka. Kusiyana kwa ngalande yabwino ndi yodyeka ndi mamilimita awiri. Ndi ngati kunenepa kwa kachitsotso ka machesi. Ine izi ndinazidziwa mochedwa.

Mapule a kampani ankachokera kunja ndipo ankachedwa. Mainjini ankakhala atamangidwa, akudikira gudumu limodzi lokhalo miyezi iwiri. Mayi Nyirenda, amene ankayang'anira zomanga, anauza akuluakulu kuti kuli bwino kupeza mmisiri wa kuno kwathu, agwire naye limodzi ntchito. Akuluakulu anakana kawiri. Kachitatu anati yesani, koma zikavuta musadzatchulenso za amisiri a kumudzi. Ndi ine ndinatchula a Mwale.

A Mwale anagwira ntchito yosungunula zitsulo ku migodi ya ku Zambia zaka khumi ndi zinayi. Atabwerako anamanga shedi m'mbali mwa msewu wopita kumalire. Ankagula mapisitoni akutha ndi zidutswa za mainjini, n'kusungunula pa ng'anjo ya makala, n'kuumba mapoto. Analinso ndi makina akale osemera zitsulo amene anabwera nawo pa lole. Madalaivala a mathiraki akamadikira mapepala pa boda ankawabweretsera zitsulo zothyoka. A Mwale sankafunsa zambiri. Ankangoti, "Ndipatseni chakufacho." Ukawapatsa, mawa lake unkapeza mapasa, chakufa ndi chamoyo, osasiyana. Amisiri a kuno amagwira choncho mpaka lero. Sapempha pepala. Amapempha chitsanzo.

Mayi Nyirenda anabwera kudzawaona atavala ovololo. A Mwale anawayang'ana nsapato kaye, kenako manja.

"Ndinu amene mumamanga mainjini aja?"

"Ndine."

"Amadya mafuta ngati mkamwini."

"Amadya mafuta chifukwa anthu anu satsuka sefa ya mpweya, bambo."

A Mwale anaseka n'kuwapatsa chitini choti akhalepo. Mayi Nyirenda anatenga poto mmodzi, anamugogoda ndi sipanala, anamvetsera, anayang'ana makina osemera aja nthawi yaitali. Anafunsa za mchenga wopangira zikombole. A Mwale anati amasakaniza wa kumtsinje ndi dothi la pachulu. Pochoka anagwirizana mapule makumi atatu oyamba. Mayi Nyirenda anati atumiza chojambula cha papepala ndi pule yatsopano ya chitsanzo. Wonyamula anali ine.

Ndinazitenga ku Lilongwe Lachinayi. Pule inali m'thumba la saka, pepala mu envulopu. Basi inandisiya pa Boma, ndinakwera njinga. Inali nyengo yokolola, misewu ili mbuu ndi fumbi, ngolo zodzaza chimanga, paliponse amayi akuswa mtedza pakhonde. Inu simunaswepo mtedza ndi zala mpaka khungu kusupuka, mumangodziwa chiponde cha m'botolo. Ndinaganiza zodzera pa Mlonyeni kukaona kasitomala wathu, mayi wamasiye dzina lake Nachisale, amene anali ndi chigayo chakale.

Ndinapeza chigayo chili zii. Panja panali amayi makumi awiri ndi atatu, ndinawawerenga, ena atafika dzuwa lisanatuluke, malichero ndi matumba a mphale ali pamzere. M'mudzi woyandikana nawo munali chinkhoswe Loweruka, ufa wake unali pamzere womwewo. A Nachisale anali atasintha malamba awiri sabata imeneyo. Anandipatsa thobwa m'chikho, maso awo ali pa saka langa.

"A Kamanga, muli chiyani m'menemo chikugogoda felemu?"

"Katundu wa kampani, mayi."

"Kampani yake yomwe inandigulitsa injiniyi?"

Anamasula okha. Ataona pule yatsopano anaikumbatira ngati mwana. Ndinakana. Ndikunena zoona, ndinakana kawiri. Koma amayi aja anali atandizinga, wina akuti achimwene tithandizeni, wina akuti musiyeni ameneyo ndi wa m'tauni. Ndipo m'mutu mwanga ndinawerenga motere: pule ndi pule. Yakale ija ndi ya injini yomweyo, kukula kwake n'komweko. A Mwale akungofuna kuona maonekedwe, manambala onse ali papepala. Tinamasula yakale, tinamanga yatsopano, injini inalira, amayi analuluta. Ndinatsuka yakale ija ndi palafini mpaka inawala, ndinaiika m'saka, ndipo ndinachoka pa Mlonyeni ndikudziona ngati munthu wabwino.

A Mwale anailandira ndi manja awiri. Anaitembenuza, anayendetsa chala chachikulu mu ngalande.

"Ndi imeneyi atumiza?"

"Ndi imeneyo."

Mawu awiri. Pa moyo wanga ndalemba mawu osawerengeka, koma amene anandipatsa dzina ndi awiri amenewo. Ndinaopa kuti ndikanena zoona adzauza Mayi Nyirenda kuti ndagawa katundu wa kampani. Pepala lija a Mwale analitsegula, analiyang'ana mwaulemu, analikhomera pakhoma pamwamba kuti lisade. Sanalitsitsenso. Kenako anadula kachidutswa ka chitini, anakasema mpaka kanalowa ndendende mu ngalande ya chitsanzo. Kachitini kameneko ndiko kanakhala muyeso wa mapule onse makumi atatu.

Ndinaonerera akugwira ntchito, ndipo sindinaonenso munthu wosamala chotero. Ankapondereza mchenga m'chikombole ndi chibakera, n'kuthira chitsulo chosungunuka pang'onopang'ono, osapuma mpaka chitadzaza. Chikazizira ankachimanga pa makina osemera. Ngalande iliyonse ankaiyesa ndi kachitini kaja katatu. Inayi anaikana okha n'kuibweza pa ng'anjo chifukwa ngalande yake inachepa. Mwina inayi imeneyo ndiyo inali yolondola.

Mudzafunsa kuti nanga Mayi Nyirenda sanayese bwanji. Anali atatumizidwa kumpoto kukamanga mainjini ena. Anandiimbira lamya n'kundiuza kuti ndiyese kukula kwa gudumu ndi bowo la shafuti. Ndinayesa, zinakwana, ndinalemba lipoti la mizere isanu. Za ngalande sanafunse, chifukwa kwa iwo nambala yake inali papepala ndipo nkhani inathera pamenepo. Akuluakulu anati mainjini a kuno abwere opanda mapule, tizimangira konkuno. Zigayo makumi atatu, zina zatsopano, zina zakale zofuna kusintha.

Pasanathe masabata awiri lamba woyamba anaduka pa Guilleme. Kenako awiri tsiku limodzi. Pofika mwezi, zigayo khumi ndi zisanu ndi zinayi zinali zitadandaula. Amayi anayambanso kusinja mumtondo, ndipo mayi amene wabwerera ku mtondo atazolowera chigayo sakhala chete. Pamzere pa chigayo ndiye pamene panali nyuzi yeniyeni ya boma lino. Mutu wake unali umodzi: mapule a wamapoto. Anthu anayamba kunena kuti a Mwale amasakaniza dothi m'chitsulo. Wina anati ku migodi anachotsedwa chifukwa cha kuba. Mapoto awo, amene mudzi uliwonse unkaphikira zaka ndi zaka, anasiya kugulidwa. Madalaivala anayamba kupitirira ndi zitsulo zawo mpaka ku Chipata. Ndikadutsa pa shedi ndinkapeza ng'anjo yozizira, a Mwale atakhala pa chitini, pule ili pamwendo, akulowetsa kachitini kaja ndi kukatulutsa.

"A Nyuzi," ankanditchula choncho, "manje ndalakwitsa pati? Yesani nokha. Ikulowa bwinobwino."

Ndinapalasa njinga kupita pa Mlonyeni. Chigayo cha a Nachisale chinkalira mokoma, lamba wozizira, atakwera pamwamba pa ngalande. Atazimitsa ndinalowetsa chala. Kenako ndinapita pa chigayo china chapafupi chokhala ndi pule ya a Mwale, ndinalowetsa chala chomwecho. Chinalowa momasuka. Ndinadziwa pomwepo, dzuwa lili pamutu, ndipo ndinakhala chete masabata atatu.

Usandiyang'ane choncho, Tadala. Masabata atatu ndi masiku makumi awiri ndi limodzi, ndipo lililonse ndinkadzuka nditatsimikiza kuti lero ndinena. Ndinkakwera njinga, kufika pamphambano, n'kukhotera kwina. Ndinayendera midzi imene ndinalibe nayo ntchito. Kunyumba sindinkakhala pansi, chakudya ndinkadyera chiimire. Ku Lilongwe anandiuza kuti ndilembe lipoti la chimene chavuta. Ndinalemba kuti "zifukwa zikufufuzidwa." Mkonzi wanga uja akanaliona akanandimenya nalo kumaso.

Agogo anu aakazi anandipirira sabata ziwiri. Tsiku lina akupeta mtedza anati, osandiyang'ana, "Mukuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Mwachita chiyani?" Ndinawauza. Anapitiriza kupeta. Kenako anati, "Ku nyuzi kuja munkalemba anzanu akaba feteleza, mayina onse ndi midzi yawo. Lanuli ndi lovuta kulemba?" Ndinapitiriza kukhala chete sabata ina yathunthu, kuti mudziwe kuti agogo anu aamuna sanali munthu wofulumira kumva.

Mayi Nyirenda anabwera Lolemba atanyamula kalata yothetsa mgwirizano. Ndinaiona m'thumba la ovololo, ngodya yake itatulukira. Nawonso anali pamoto, chifukwa ganizo lonse linali lawo. Sanakhale pa chitini. Anatulutsa chipangizo chawo choyesera, chonga mlomo wa mbalame, anayesa pule imodzi, yachiwiri, yachitatu.

"Bambo Mwale, ngalande zonsezi zakula ndi mamilimita awiri. Zonse mofanana. Nambala ili apo pakhoma. Simunaione?"

"Ndinaiona, mayi."

"Ndiye?"

"Ine sindisema nambala. Ndimasema chitsulo."

A Mwale analowa mkati, anatuluka ndi saka lija, anatulutsa chitsanzo, analowetsa kachitini kawo. Kanalowa ndendende. "Mwana ndi uyu, make ndi uyu. Mundiuze pamene asiyana."

Mayi Nyirenda anayesa chitsanzocho. Anayesanso. Anachitembenuza, anayang'ana kumbuyo kwake.

"Iyi si imene ndinatumiza. Yanga inali isanagwirepo lamba. Iyi yagwira ntchito zaka zisanu kapena kuposa."

A Mwale sanandiyang'ane. Ndi chimene sindiiwala. Anayang'ana pansi, anatola kachidutswa ka khala, anakaponya pa ng'anjo. Akanandiloza chala mwina ndikanapeza bodza lina. Koma anandisiyira mpata wonse, ndipo mu shedi monse munkangomveka thiraki ikulira kutali pa boda.

"Ndinasinthanitsa ndine," ndinatero. "Pa Mlonyeni, Lachinayi lomwe munandipatsalo. Yanu ili pa chigayo cha a Nachisale. A Mwale anandifunsa ngati ndi yomweyo, ndinati ndi yomweyo. Ndadziwa masabata atatu apitawo."

Ndinanena ngati ndikuwerenga nkhani pa lamya ku positi ofesi, chifukwa njira ina yonenera sindinkaidziwa. Mayi Nyirenda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anatembenukira kwa a Mwale.

"Koma inu, mmisiri ngati inu, simunaone kuti ndi yodyeka?"

"Ndinaona. Chala chinandiuza tsiku lomwelo. Koma ndinati aku Lilongwe ndi ophunzira, akudziwa chimene akufuna. Ndine ndani kuti ndikonze chitsanzo cha eni injini?"

"Mukanandifunsa."

"Inu munandifunsa ngati ndimawerenga mapepala anuwo?"

Mayi Nyirenda anakhala pa chitini. Anatulutsa kalata ija, anaipinda kanayi, anaibweza m'thumba. Kenako anati, "Tsitsani pepalalo."

Chimene chinatsatira ndinachionera pakhomo, chifukwa onse awiri anandiiwala ngati njinga yotsamira khoma. Anakangana masiku atatu. Mayi Nyirenda anagona kwa mlongo wawo pa Boma, m'mawa uliwonse n'kubwerera. Anayala pepala pansi, anaika pule pambali pake, n'kumaloza: mzere uwu ndi apa, nambala iyi ndi kuyambira apa kufika apa. A Mwale anamva msanga, anali asanapeze wowaonetsa basi. Kenako anayamba kulitsutsa pepalalo.

"Pakati apa mwachepetsa."

"Ndi mmene amapangira kunja."

"Kunjako amachotsa pule ndi chiyani?"

"Pali chipangizo chake chokokera."

"Kuno amachotsa ndi hamala ya mapaundi anayi. Pitani pa chigayo chilichonse mukaone. Amamenya apa, ndipo imang'aluka apa."

Mayi Nyirenda anapita pa zigayo ziwiri kukaona, atabwerako anafufuta nambala n'kulemba ina. Pakati pa pule ananenepetsa. A Mwale anapemphanso mabowo awiri oti munthu azilowetsa mabawuti n'kukankha pule pang'onopang'ono popanda hamala. Mayi Nyirenda anavomera, koma anati ndiye kuti kumapeto kwa shafuti ya injini kuyenera kusintha pang'ono kuti mabawutiwo apeze pokankha, ndipo zimenezo akazimenyera nkhondo ku Lilongwe. Anakamenyadi. Koma Mayi Nyirenda anakana ganizo la a Mwale lopepula gudumu, anawaonetsa chifukwa chake ndi masamu olemba padothi, a Mwale anati masamuwo sakuwamva koma nkhope ya mayiyo akuimva. Muyeso watsopano anausema Mayi Nyirenda ndi manja awo, wachitsulo cholimba, iwiri yofanana, umodzi wa ku shedi, umodzi wa ku kampani. Pa ngodya ya pepala latsopano analemba mayina awiri. Pule yoyamba anaimanga pa chigayo cha pa Kachebere, anaiyendetsa sabata yathunthu, madzulo alionse onse awiri akugwira lamba ndi dzanja kumva ngati watentha.

Ine kampani inandichotsa ntchito. Lipoti lomaliza ndinalemba ndekha, ndipo linali labwino kuposa onse. Ndinapita kwa a Mwale n'kunena kuti ndilemba kalata yopepesa, ndiitaipe, ndiikhome pa Boma ndi pa boda.

"A Nyuzi, mukufuna kundikonzera dzina ndi pepala? Dzina langa silinaonongekere pa Boma. Linaonongekera pamzere, pakamwa pa amayi. Mapule atsopanowa akufuna wokamanga. Inu muli ndi njinga, ndipo ntchito mulibe."

Ananditumiza ndi mawu oti ndikanene pa chigayo chilichonse, osati kwa mwini chigayo yekha, koma panja, pamene pali mzere. Mapule okha sanandipatse. Amene ankawanyamula pa ngolo anali mphwawo wa a Mwale, ine ndinkangofika kudzamanga ndi kudzayankhula.

Ndinayamba dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndinamaliza mvula yoyamba itagwa. Zigayo makumi atatu. Ndinkafika, kuimika njinga, kuvula chipewa, n'kunena kuti: amayi, malamba ankaduka aja wolakwa si a Mwale. Ndinawapatsa chitsanzo chakutha, ndinawanamiza kuti n'chatsopano, iwo anapanga chimene ndinawapatsa. Pa chigayo choyamba ndinachita kuyambiranso katatu ndisanamalize. Pa chachisanu ndinali nditazolowera, ndipo kuzolowerako kunandichititsa manyazi ena. Pa Guilleme mayi wina wachikulire, mtanda uli pakhosi, anandiuza kuti ndibwereze chifukwa anzake a kumbuyo sanamve. Ndinabwereza. Anati, "Matuza a musi ali m'manja mwangamu ndi anu, eti? Bwerani muwaone, a Pule." Mzere wonse unagwa ndi phwete. Ndisanafike pa chigayo chotsatira dzinalo linali litafika kale, ndipo linayenda wapansi.

Eni zigayo makumi awiri ndi asanu ndi anayi analandira pule yatsopano. Mmodzi, wa kufupi ndi malire, anakana. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali kumbuyo, kenako anati, "Munabwera kuno kudzandiuza kuti pule iyi ndi yabwino. Lero mwabwera kudzandiuza kuti ndinu wabodza, koma iyi ndiye yabwino. Ndikhulupirire ulendo uti?" Munthu ameneyo ankagula zitsulo zake ku Chipata mpaka anatseka chigayo, ndipo m'midzi iwiri ya kumeneko mapoto a a Mwale sanalowemonso. Ndimanena izi chifukwa ena akamakamba nkhaniyi amati zonse zinakonzeka. Zinakonzeka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi.

Ng'anjo inayakanso. A Mwale anapangira kampani ija mapule zaka zambiri, kenako zotchingira malamba ndi miyendo ya injini, chilichonse akukangana kaye ndi Mayi Nyirenda masiku angapo. Zinatha pamene zotchipa zakunja zinadzaza m'mashopu. Lero chitsulo chikathyoka mumachijambula pa foni n'kutumiza kwa munthu amene simunamuonepo kuti akupezereni chofanana nacho. Iwe Mphatso unachita zimenezo ndi njinga yamoto mwezi watha, ndinakuona. Unajambula chakutha. Ndinangodutsa, chifukwa ndilibe nkhope yokudzudzulira.

Ine ndinabwerera ku munda, ndinaphunzira kumanga chigafa, ndinalera makolo anu ndi mtedza. Ndi a Mwale tinakhala mabwenzi zaka zoposa makumi awiri. Tinkasewera bawo pa shedi, ankandibera, ndinkawabera. Pa maliro a mkazi wawo ndinakumba nawo manda. Za pule sanazitchulenso ngakhale kamodzi. Koma pa zaka zonsezo sanandipatsepo kanthu koti ndikapereke kwa munthu, kaya kalata, kaya sipanala yobwereka.

Chaka chimene unabadwa iwe, Tadala, a Mwale anali atadwala kale. Anaumba kapoto kakang'ono kophikira phala lako, komaliza kutuluka pa ng'anjo ija. Ndinapita kukawaona, anandionetsa, ndinakagogoda ndi chala, kanalira bwino. Kunyumba kwathu kunali mtunda wa makilomita awiri, njinga ili panja.

"Ndipatseni ndikawapatse amake," ndinatero.

Anakatenga m'manja mwanga mofatsa, anakaika pansi pa bedi.

"Mukawauze abwere okha, a Nyuzi."